Zowola zisapite ku Robinson Deep

Amayi ndi abambo a m'gulu lathu, moni nonse. Ambiri mwandifunsa za chidebe cha manyowa, ndiye tengani chidebe chachikulu... ayi, ndiyambe ndi chifukwa chake. Phiri lija mumaliona kufupi ndi Turffontein ndilo Robinson Deep, amodzi mwa malo amene Pikitup, kampani ya mzinda yotolera zinyalala, imatayako zinyalala za mu Johannesburg muno. Makoko a mbatata ndi zotsala za ndiwo zikakwiririka pansi pa phiri limenelo zimawola popanda mpweya, ndipo zimatulutsa mpweya wotchedwa methane, umene pa zaka 20 umatenthetsa dziko pafupifupi ka 80 kuposa carbon dioxide, mpweya umene umatuluka tikamawotcha zinthu. Ife amene tinaona zimene namondwe Freddy anachita ku Blantyre mu 2023 sitingaitenge nkhani ya nyengo ngati ya anthu ena.

Tsopano chidebecho muchiboole mabowo ambiri, m'mbali ndi pansi pomwe. Ndibwereze, m'mbali ndi pansi pomwe, chifukwa apa ndi pamene ine ndinalakwitsa. Ndinatseka changa ndi chivindikiro kuopa ntchentche, osaboola paliponse, ndipo patatha milungu iwiri ndinapeza phala lakuda lonunkha mpaka eni nyumba anadandaula. Chimene chinandipweteka mtima kwambiri n'chakuti ndinali nditapanga Robinson Deep wamng'ono kuseri kwa chipinda changa, chifukwa zowola zikasowa mpweya, kaya ndi paphiri kaya m'chidebe, mpweya wotuluka ndi womwewo.

Choncho mukathira makoko, pamwamba pake ikani zouma zochulukirapo, monga masamba a mitengo amene amayoyoka m'nyengo yozizira kapena makatoni ong'ambang'amba. Muzitembenuza ndi ndodo kamodzi pa mlungu. Pofuna kudziwa ngati chinyezi chili bwino, tapani pang'ono n'kufinya: dzanja linyowe, koma madzi asadonthe. Akadontha, onjezani zouma. Ndati zouma, osati dothi.

Nsima yotsala, mafupa ndi mafuta musaikemo. Bambo wina woyandikana nane sanamvere zimenezi, ankati zonse ndi zowola basi, ndipo makoswe atalowa pabwalo anataya chidebe chonse, n'kuyambanso kutentha zinyalala usiku, utsi wa mapulasitiki n'kumalowa m'zipinda mogona ana.

Ndatsala pang'ono kuiwala mabotolo ndi zitini. Muzitsuke, muziike m'thumba lapadera pambali pa bini tsiku lotolera, kuti abale athu okoka matilole aja asamapise manja m'zonyowa pofunafuna zokagulitsa.