Makalata anu: mutu waching'alang'ala ndi kadyedwe

Tiyeni tilowe m'makalata. Yoyamba yachokera kwa mayi wina wogulitsa kaunjika ku Limbe, akuti: "Achimwene, mutu umandiwawa mbali imodzi, kugunda, mpaka nseru, kuwala sindikufuna. Umakonda masiku omwe ndalawira kukaoda belo osadya mpaka madzulo. Kodi andilodza?"

Mayi pepani kwambiri, mutu umenewu ndiye waching'alang'ala, si wamasewera, ena umawagoneka maola 4 mpaka 72, ndipo umagwira amayi kwambiri kuposa abambo. Koma za kulodzedwazo ayi, yankho mwalemba nokha m'kalatamu. Kukhala ndi njala nthawi yaitali kumaudzutsa mutuwu, ndiye muonjezerepo dzuwa la mu Okutobala, madzi osamwa poopa toileti yolipira ya mumsika, tulo tosakwanira, thupi lingapirire bwanji? Imwani kaye phala musanatuluke, m'chikwama muzikhala mbatata yophika, nthochi kapena mtedza, ndi botolo la madzi pambali pa benchi. Musamadikire kuti njala ikupwetekeni.

Yachiwiri ndi ya mnyamata wapasukulu ku Mzuzu: "Ndimamwa khofi ndi ma energy drink powerenga usiku, ndikapumira pa weekend mutu umayamba. Anzanga akuti ndisiye chokoleti, nyemba, mazira, zonse."

Aise, thupi lazolowera caffeine, chija chothamangitsa tulo chomwe chili mu khofi ndi ma energy drink, ukasiya mwadzidzidzi mutu umabwera ndithu, uzichepetsa pang'onopang'ono. Koma zosiya zakudya zonsezo ine sindikugwirizana nazo, ungofooka nazo basi mayeso ali pafupi. Nyemba, bonongwe ndi nthangala za maungu zili ndi magnesium, mchere wofunika m'thupi, amene amathandiza ena kuti mutuwu usamabwere pafupipafupi. Zomwe ambiri amadandaula nazo ndi mowa makamaka vinyo wofiira, komanso soseji ndi poloni, komabe aliyense ndi thupi lake. Gula kope, uzilemba zomwe wadya, nthawi yomwe wagona ndi tsiku lomwe mutu wabwera, pakatha miyezi iwiri uona wekha chomwe chikubwerezabwereza, usiye chimenecho.

Bambo a ku Mchinji angofunsa mwachidule ngati kumwa panado daily kuli bwino. Bambo, sikuli bwino, mukamamwa panado kapena bufeni masiku 15 kapena kuposa pamwezi mankhwala omwewo amayamba kuyambitsa mutu, kaonaneni ndi adokotala akuyezeninso BP. Ndipo mutu ukabwera mwadzidzidzi mwamphamvu zedi, kapena ndi kutentha thupi, khosi louma, dzanja kufooka, kapena muli oyembekezera, musayambe za zakudya, thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo.