Makoma a Yeriko anapezekadi? Tiyeni tifukule

Moni abale anga, takulandiraninso. Musanakhazikike, dinani kabatani ka Subscribe, sikolipira. Lero tikuona zimene zinafukulidwa m'malo a m'Baibulo, ndipo pali nkhani imodzi imene imandiwawa.

Choyamba, mwachangu. Mu 1993 ku Tel Dan, kumpoto kwa Israel, akatswiri ofukula zakale anapeza chidutswa cha mwala cholembedwa m'Chiaramu, cha m'zaka za m'ma 800 BC. Pamwalapo pali mawu akuti "nyumba ya Davide". Umenewo ndi umboni wogwirika.

Chachiwiri, ngalande ya Mfumu Hezekiya ku Yerusalemu, mamita 533 oboola thanthwe. Tsegulani 2 Mafumu 20:20. Madzi akuyendamo mpaka lero.

Chachitatu tsono, Yeriko. Uthenga uja umazungulira m'magulu a WhatsApp a kumpingo, wakuti asayansi apeza makoma enieni amene anagwa pamaso pa Yoswa. Amene munaulandirapo, lembani "ine" m'makomenti. Nkhaniyi si yatsopano ayi. Katswiri wofukula zakale John Garstang anakumba pa chitunda cha Tell es-Sultan, pamene panali Yeriko wakale, kuyambira 1930 mpaka 1936, n'kupeza makoma akugwa ndi phulusa. Iye anati ndi za m'ma 1400 BC, nthawi ya Yoswa.

Koma chitunda chimenechi ndi mzinda pamwamba pa mzinda, pamwamba pa mzinda winanso. Anthu akhala pamenepo zaka pafupifupi 10,000, kumanga, kugwa, kumanganso. Ndiye khoma lakugwa ulipeza ndithu, funso n'lakuti ndi la liti? Katswiri wina, mayi Kathleen Kenyon, anakumbanso pamalowo kuyambira 1952 mpaka 1958, n'kumasanthula dothi ndi mapale a mbiya mosamala. Anapeza kuti makoma aja a Garstang anali akale kwambiri, pafupifupi zaka 1,000 nthawi imene Garstang ankanena isanafike. Mzinda wopserera uja? Unawonongedwa cha m'ma 1550 BC, nthawi ya Yoswa ija isanafike. Mu 1995 anayeza mbewu zopserera za pamalowo ndi njira ya radiocarbon yodziwira zaka za zinthu zakale, zotsatira zake zinagwirizana ndi Kenyon. Inde, katswiri wina Bryant Wood ndi ena amatsutsabe, koma akatswiri ambiri ali kumbali ya mayiyu.

Sindikulimbana ndi chikhulupiriro chanu, abusa musandithamangitse. Chondinyansa n'kutenga zotsatira za m'ma 1930 n'kumazigawa ngati zatuluka dzulo.

Eya, chachinayi chinali Lachish, mzinda umene Sennacherib, mfumu ya Asuri, anauzinga mu 701 BC, koma nthawi yatithera. Imeneyo ndi vidiyo ya sabata yamawa, dinani kabelu kuti isakuphonyeni.