Makalata a Omvera: Vakabu, Apolisi ndi Abambo Oima Pamsewu Usiku

Moni nonse amene mwatchera khutu usiku uno. Ngati ana sanagone, aperekezeni kaye kuchipinda, nkhani ya lero ndi ya akuluakulu. Sabata yatha abambo angapo anatifunsa funso lofanana, onse osafuna kutchulidwa: munthu akaima ndi mayi woyendayenda pamsewu usiku, kaya ku Bwandilo, ku Devil Street kapena ku Kamba, kodi apolisi angamumange? Kodi amalemba nambala ya galimoto, amamvetsera mafoni? Tinapempha odziwa kuti ayankhe, ndipo makalata abwera. Mayina sititchula.

Yoyamba yachokera ku Limbe, kwa bambo amene amathandiza anthu pa nkhani za malamulo.

"Muulutsi, m'malamulo a dziko lino mulibe ndime yonena kuti akuluakulu awiri akagwirizana za ndalama n'kukagonana kumbali ndiye kuti apalamula. Wogulitsa sapalamula pa chifukwa chimenecho chokha, wogulanso chimodzimodzi. Penal Code, lomwe ndi buku la malamulo a milandu ndi zilango, imaletsa zinthu zozungulira malondawo. Ndime 145 ndi 146 zimalanga odyera thukuta la mayi woyendayenda, monga amene amamulamulira n'kumamulanda ndalama. Ndime 145 yomweyo imakhudzanso mwamuna amene akuumirira kunyengerera anthu pagulu pofuna zachiwerewere, ndipo ndime 180 imalanga wochita zosayenera poyera. Apa ndi pamene bambo angagwidwe movomerezeka: kutsatira ndi galimoto mayi wongodziyendera, kumukoka dzanja, kapena kugonana m'galimoto pambali pa msewu, kuseri kwa okala, paliponse podutsa anthu.

"Ambiri amene amagwidwa usiku ankawatsegulira mlandu wa vakabu, ndime 184. Mbali ina ya ndimeyo inkalola kumanga munthu chifukwa chopezeka pamsewu pa nthawi imene wapolisi akuiona ngati yokayikitsa. Mu Marichi 2015 a Mayeso Gwanda anamangidwa m'bandakucha akupita ku Limbe kukagulitsa majumbo. Anakasuma, ndipo mu Januwale 2017 khothi lalikulu linati ndime 184(1)(c) ikutsutsana ndi malamulo aakulu a dziko. Mu 2022 khothi lalikulu ku Zomba linagamulanso nkhani ya anthu amene anasesedwa pa malo omwera mowa ku Kasungu mu 2018: linati chipikisheni chongotola aliyense wopezeka pamalo n'chosaloledwa, wapolisi ayenera kukhala ndi chifukwa chomveka chokayikira munthu aliyense payekha."

Zikomo bambo a ku Limbe. Omvera, mwamva nokha: kuyenda usiku si mlandu, kukhala pa bala si mlandu. Ndionjezepo nkhani ya ku Dedza ya 2016, pomwe amayi 19 anamangidwa n'kulipitsidwa chindapusa pa ndime 146. Woweruza milandu mayi Zione Ntaba anafafaniza chigamulocho, nati ndime imeneyo inaikidwa kuti iteteze amayiwa kwa owadyera masuku pamutu, osati kuwalanga chifukwa chodya ndalama yawo yomwe. Sindikulimbikitsa bambo aliyense kusiya banja kunyumba n'kumazungulira m'tauni, ayi. Koma lamulo tilinene monga liliri, chifukwa munthu wosadziwa lamulo ndi amene amapereka ndalama kwa aliyense womuopseza.

Yachiwiri ndi yaitali, yachokera ku Dowa, kwa bambo amene anapuma pa ntchito yaupolisi.

"Muulutsi, za kuonedwa tiyambe ndi zoona zake. Pamsewu ndi pagulu. Wapolisi woyendera dera, wovala yunifomu kapena wa CID wovala zovala wamba, ali ndi ufulu woona zimene zikuchitika, ndipo akhoza kulemba nambala ya galimoto. Nambalayo imalozera mwini wake ku ofesi ya Road Traffic. Mabala ndi malo ogona alendo ena ali ndi makamera awoawo. Kuyambira 2018 nambala iliyonse ya foni inalembetsedwa ndi chiphaso cha mwini wake. Koma zonsezi zimagwira ntchito pakakhala mlandu wofufuza, monga kuba, kumenya, kugwiririra kapena kupha. Mndandanda wa amene munthu anawaimbira umatengedwa ku kampani ya mafoni ndi chikalata cha khothi. Ndime 21 ya malamulo aakulu a dziko imateteza thupi la munthu, nyumba, katundu ndi mauthenga ake, choncho wapolisi sangangotenga foni n'kumawerenga WhatsApp chifukwa choti wakupezani mutaima ndi mkazi.

"Mukaimitsidwa, chitani izi. Musathawe, musakankhane naye, chifukwa kulimbana ndi wapolisi ali pa ntchito ndi mlandu paokha, wolemera kuposa umene anakuimitsirani. Funsani mwaulemu dzina lake, polisi imene akuchokera, ndipo ngati sanavale yunifomu akuonetseni chiphaso. Funsani ngati mwamangidwa komanso pa mlandu wanji. Ndime 42 ya malamulo aakulu a dziko imati akuuzeni m'chilankhulo chimene mukumva. Muli ndi ufulu wokhala chete ndi wolankhula ndi loya, ndipo wopanda ndalama athandizidwe ndi a Legal Aid Bureau. Pa kauntala, foni, ndalama, makiyi ndi lamba zilembedwe m'buku inu mukuona, ndalama ziwerengedwe mokweza. Mkazi asechedwe ndi wapolisi wamkazi. Pasanathe maola 48 akutengereni ku khothi kapena akutulutseni. Ngati maolawo athera pa Loweruka kapena Lamulungu, ndiye tsiku loyamba limene khothi latsegula. N'chifukwa chake wogwidwa Lachisanu usiku amagona m'chitolokosi mpaka Lolemba ngati sanapatsidwe belo.

"Belo ya kupolisi ndi yaulere. Kawirikawiri imafuna mboni yodziwika, yokhala ndi chiphaso ndi malo okhazikika. Chindapusa cha milandu ngati imeneyi chimagamulidwa ndi khothi, chimaperekedwa ku khothi, ndipo amakupatsani risiti ya boma. Ndalama yoperekedwa mumdima kuseri kwa galimoto ndi chiphuphu, ndipo lamulo la katangale limalanga wolandira ndi wopereka yemwe.

"Cholakwika chachikulu ndi ichi: anthu amavomera mlandu kuti atuluke msanga mkazi wawo asanadziwe. Kuvomera kumatanthauza kuti khothi lakupezani wolakwa, dzina ndi zidindo za zala zimalowa m'kaundula, ndipo zidzatulukira tsiku limene mudzafune kalata ya kupolisi yofunsira ntchito kapena yopitira kunja. Musanene kuti mukuvomera musanamve bwino ndime imene akukuwerengerani ndi zimene akuti munachita."

Zikomo kwambiri bambo. Mawu a belo aja ndiwabwereze chifukwa anthu amagulitsa mbuzi pa nkhani imeneyi: belo ya kupolisi salipira. Wina akakupemphani ndalama, sungani dzina, tsiku, ola ndi malo, mukadandaule kwa mkulu wa polisiyo, ku bungwe lothana ndi katangale la ACB, kapena ku Independent Complaints Commission, bungwe loima palokha lomva madandaulo okhudza apolisi. A Malawi Human Rights Commission nawonso amalandira.

Pali kakalata kakafupi kochokera ku Mzuzu kogwirizana ndi zomwezi.

"Muulutsi, si onse odzitcha apolisi usiku amene ali apolisi. Pali magulu amene amatchera msampha: munthu akangolowa m'chipinda, amuna awiri kapena atatu amagogoda, amajambula ndi foni, n'kunena kuti atumiza chithunzi kwa mkazi wake, ku mpingo kapena pa Facebook akapanda kutumiza ndalama pa Airtel Money kapena pa Mpamba. Kulipira sikumaliza nkhani, chifukwa chithunzi chimatsala kwa iwo ndipo amabweranso mwezi ukatha. Osafufuta mauthenga, osafufuta uthenga wotsimikiza ndalama, poti pamakhala nambala ndi dzina la wolandira. Kuopseza munthu kuti apereke ndalama ndi mlandu, kudzitcha wapolisi ndi mlandu, ndipo lamulo la 2016 la Electronic Transactions and Cyber Security limalanga ozunza anzawo pa intaneti."

Ndi zoona, ndipo akubawa amadalira manyazi anu. Amadziwa kuti bambo wolemekezeka sangapite kukanena. Pitani ndi munthu mmodzi amene mumamukhulupirira, mukapemphe kulankhula ndi wofufuza milandu pambali, osati pa kauntala pali anthu.

Tsopano ya achipatala, yochokera ku Mangochi.

"Muulutsi, mantha a apolisi amapangitsa anthu kuchita zinthu mothamanga, ndipo pothamanga ndi pamene kondomu imaiwalika kapena kuphulika. Ena amaopa kuyenda ndi makondomu poganiza kuti akhala umboni. Kunyamula kondomu si mlandu. Onani tsiku lotha ntchito pa paketi, musatsegule ndi mano, finyani kansonga kuti mpweya utuluke musanaivale, ndipo muivale kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Musavale ziwiri nthawi imodzi, zimakhulana n'kung'ambika. Vaseline, mafuta odzola ndi mafuta ophikira amafoola mphira. Gwiritsani ntchito mafuta oterera opangidwa ndi madzi. Kondomu yokhalitsa m'thumba la kumbuyo kapena m'galimoto yotentha imawonongeka.

"Ikaphulika, pitani kuchipatala mukapemphe PEP, mankhwala oteteza ku HIV munthu akakhala kuti mwina wakumana ndi kachilombo, pasanathe maola 72, ndipo kufika tsiku lomwelo ndi kwabwino koposa. Amayamba akuyezani magazi, chifukwa PEP ndi ya munthu amene alibe HIV. Mankhwalawa amamwa tsiku lililonse kwa masiku 28 osadumphitsa, ndipo m'zipatala za boma ndi aulere. Ambiri amasiya pakatha sabata poona kuti ali bwinobwino, kapena poopa kuti botolo lionedwa kunyumba, ndipo akatero chitetezo chimasokonekera. Mukamaliza mukayezetsenso pa tsiku limene akuuzani, ndipo mpaka tsiku limenelo gwiritsani ntchito kondomu kunyumba. Amene amadziwa kuti khalidweli ndi la kawirikawiri afunse za PrEP, yomwe amamwa asanakumane ndi kachilombo. PEP ndi PrEP siziteteza ku chindoko ndi chinzonono. Mukaona mafinya, chilonda kapena kuwawa pokodza, musagule makapisozi pa golosale. Mukalandire mankhwala oyenera, ndipo amene mumagona naye alandirenso, apo ayi mudzangopatsirananso. Achipatala sapereka dzina lanu kupolisi chifukwa chopempha PEP."

Zikomo adokotala. Pa za kuyezetsa ndikumbutse nkhani ya ku Mwanza. Mu 2009 amayi 11 oganiziridwa kuti ndi oyendayenda anamangidwa, anayezedwa HIV mokakamizidwa, zotsatira zawo n'kuwerengedwa m'khothi anthu akumva. Mu 2015 woweruza mayi Dorothy Kamanga anagamula kuti zimenezo zinaphwanya ufulu wawo, ndipo lamulo la HIV ndi Edzi la 2018 limaletsa kuyeza munthu mokakamiza. Choncho wapolisi sangakukokereni kuchipatala kuti akakuyezeni chifukwa wakupezani pamsewu. Koma bambo amene mwayenda njira imeneyi, kayezetseni mwa kufuna kwanu, chifukwa mayi amene ali kunyumba sanasankhe nawo.

Yomaliza yachokera ku Lilongwe, kwa mayi amene amagwira ntchito ndi amayi oyendayenda. Iyi ndaiwerenga kawiri ndisanalowe muno.

"Muulutsi, abambo akudandaula za kuonedwa, koma chipikisheni chikachitika amene amakwezedwa m'galimoto ya polisi nthawi zambiri ndi amayi, kasitomala atapita kale. Ndipo kasitomala wamantha ndi woopsa kwa mayi: amakana kukambirana poyera, amamuuza kuti akwere msanga, n'kupita naye kumalo a mdima kumene anzake sakudziwa. Kumeneko ndi kumene amayi amamenyedwa, kulandidwa ndalama ndi foni, ena kutayidwa kutali usiku.

"Abambo adziwe milandu yeniyeni imene apolisi ayenera kuwatsatira. Kukakamiza mayi amene wakana, ngakhale mutamulipira kale, ndi kugwiririra. Mayi akati kondomu ndiye kondomu. Kuivula mobisa ndi kuphwanya zimene anavomera. Kumumenya pokana kulipira ndi mlandu wovulaza munthu, ndipo iye ali ndi ufulu wokanena ku Victim Support Unit, nthambi ya polisi yothandiza ochitiridwa nkhanza, ngati mzimayi wina aliyense. Mlandu waukulu koposa ndi wa ana. Malamulo aakulu a dziko, kuyambira 2017, amati mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18. Mwana sangavomere malonda amenewa, ndipo kugona naye kungakutengereni kundende moyo wonse. Musadalire mawu akuti 'amaoneka wamkulu' kapena 'ndinamupeza pa bala'. Atsikana ambiri amatengedwa kumidzi powanamiza kuti akagulitsa mu bala kapena akagwira ntchito ya m'nyumba, n'kumasungidwa m'tizipinda ta kuseri, ndalama ikupita kwa mwini malo. Uko ndi kugulitsa anthu, ndipo lamulo la 2015 limapereka zaka zofika 14 m'ndende, kapena 21 ngati wogulitsidwayo ndi mwana. Zizindikiro zake n'zoonekeratu: mtsikana sadziwa dera limene ali, alibe foni, saloledwa kutuluka yekha, ndipo ndalama amalandira ndi munthu wina."

Mayi, zikomo, mwalankhula zimene ambirife timaopa kuzitchula. Abambo amene munatilembera aja, mwafunsa ngati apolisi akukuonani. Ine ndikupemphani kuti inunso muone. Mukakumana ndi mtsikana wotere, kaya pa bala, pa resitihausi kapena pamsewu, kaneneni ku Victim Support Unit ya polisi yapafupi kapena ku ofesi ya zachisamaliro cha anthu kwa DC. Tchulani malo, tsiku ndi mmene mwanayo akuonekera, ndipo mukhoza kupempha kuti dzina lanu lisatuluke. Makalata ena awiri okhudza eni malo ogona alendo ndi ndime 147 yonena za nyumba zochitiramo uhule tiwawerenga sabata yamawa, nthawi ngati yomwe ino.