Alamu, Sienta yanu ikuyenda yozizira

Alamu, mwadzuka bwanji? Uthenga wanu uja ndinaumva usiku ndili kale m'bulangete, ndiye ndati ndikuyankheni pano manja asanade ndi girisi. Mwati kanyale ka buluu kaja ka pa dashibodi, kosonyeza kuti injini ikadali yozizira, kakumachedwa kuzima, mumachoka ku Chibavi mpaka kudutsa pa Katoto kakadali koyaka, hita ikungopuma kampweya kofunda pang'ono, petulo naye akutha ngati thanki yabooka. Kenako mwaseka kuti bola siyikuwira. Apo pokha ndakana, alamu. Injini anaipanga kuti izigwira ntchito ili yotentha, cha m'madigiri 85 mpaka 95. Ikamakhala yozizira, kompyuta imayesa kuti mwangoiliza kumene, ndiye imangothira petulo wambiri ulendo wonse. Petulo wosapsa uja amatsuka oilo m'mbali mwa mapisitoni, wina n'kutsikira m'sampu, mapulagi n'kumada mwaye. Galimoto ikudyeka mwakachetechete inu mukuti ili bwino.

Ine ndikukayikira thermostat, kachitseko kotsegulira madzi a mu injini kupita ku rediyeta, koma musagule kanthu kaye. Tiyambe ndi manja ndi maso anuwo.

Mawa m'mawa, galimoto itagona usiku wonse, tsegulani boneti musanalize. Onani madzi m'kabotolo kam'mbali kaja, ali pakati pa mizere iwiri? Tsegulaninso chivindikiro cha rediyeta, madzi azioneka pakhosi penipeni. Ichi chitani injini ili yozizira basi. Ikatentha musachikhudze n'komwe, madzi amenewo amatuluka mwamphamvu ndipo amasenda khungu. Ndikuyambira pamenepa chifukwa madzi akachepa, hita imathanso kuzizira pomwe injini ikupsa, ndipo imeneyo ndi nthenda ina, yoopsa kuposa yomwe tikuikayikirayi.

Madzi akakhala okwanira, tsekani, zimitsani eyakoni ndi hita yomwe, lizani injini. Mvetserani fani yakutsogolo ija. Injini yozizira, eyakoni yozimitsa, fani siyenera kuzungulira. Ikangoyamba kuzungulira mutangotembenuza kiyi, dziwani kuti wina anailumikiza dayirekiti, kapena rileyi yakakamira, kapena pulagi ya sensa ya madzi yazuka. Magalimoto a Toyota ambiri sensa imeneyo ikazuka amayendetsa fani osaima, podziteteza. Yang'anani mawaya achilendo okulungidwa ndi tepi pafupi ndi fani, amadziulula okha.

Tsopano nayi ntchito yeniyeni. Injini ikulira choncho, ikani dzanja pa paipi yaikulu yapamwamba yopita ku rediyeta, ndi pamwamba pa rediyetayo. Samalani malaya ndi zala, fani ndi lamba sizicheza. Pagalimoto yabwinobwino rediyeta imakhala yozizira kwa mphindi zingapo ndithu, injini yokha n'kumatentha, kenako mwadzidzidzi paipi ija imatentha moti simungaigwirenso nthawi yaitali. Kutentha kodzidzimutsako ndiye kuti thermostat yatseguka. Koma mukaona kuti paipi ndi rediyeta zikufunda pang'onopang'ono kuyambira pa mphindi ziwiri zitatu zoyambirira, osafika potentha kwenikweni, ndiye kuti madzi akungozungulira mwaufulu kuyambira pachiyambi. Chitseko chili pululu.

Thermostat ndi kachinthu kakang'ono kokwana m'chikhatho, kali ndi sipuling'i ndi kabotolo ka phula m'kati. Madzi akatentha phula limasungunuka n'kufufuma, n'kukankha kachitseko kuti madzi apite ku rediyeta. Akazizira sipuling'i imakabweza. Pa injini ngati yanuyo kamayamba kutseguka pa madigiri 82, ndipo nambalayo inadindidwa pa chitsulo chakecho. Kakakalamba kamatha kukakamira kali kotseguka. Koma kunena zoona, alamu, pa magalimoto omwe ndawatsegula kuno, kawirikawiri sindipeza kowonongeka. Ndimapeza mulibe. Anzathu ena amakhulupirira kuti thermostat ndi ya ku Japan kwa chipale chofewa, kuno kwathu n'kosafunika, ndiye galimoto ikangolowa pa Songwe kapena ikangowira kamodzi, amakazula n'kukaponya m'chitini cha mabawuti. Yanuyo munaigula ku Salima, si choncho? Kunyanja kotentha kuja mwini wake sakanaona vuto. Mwaibweretsa kuno ku Mzuzu mwezi wa June, nkhungu ili tolo, kamvula kakuwaza m'mawa uliwonse, basi chinsinsi chaululika.

Mukafuna umboni wina, muuone pamsewu. Tsiku lomwe mukutsikira ku Nkhata Bay, yang'anani kanyale kaja pa zitsikotsiko zija. Phazi lili pa buleki, injini sikugwira ntchito yambiri, mphepo ikuwomba rediyeta. Kanyale ka buluu kakayakanso pamenepo katazima kale, mlandu watha. N'chimodzimodzi usiku podutsa m'Chikangawa. Ndipo dziwani kuti kanyaleko kamazima injini isanafike n'komwe pa kutentha kwake koyenera, ndiye ngati ngakhale iko kakuvutika kuzima, injini ili kutali.

Pali mbali ina yoti tisaiphonye. Nthawi zina injini imatentha bwinobwino, wonama ndi sensa. Mukayenda mphindi 20, paipi yapamwamba n'kukhala yotentha zedi, hita n'kumawotcha mapazi, koma kanyale kakadali koyaka, pamenepo thermostat isiyeni, tikayikire sensa ndi mawaya ake. Izi timatsimikiza ndi kakompyuta kolumikiza pansi pa chiwongolero. Kamaonetsa madigiri omwe kompyuta ya galimoto ikuwerenga. M'mawa musanalize, nambalayo iyenera kufanana ndi kuzizira kwa kunja. Galimoto zina zimasunganso khodi ya P0128, yomwe tanthauzo lake ndi lomweli lakuti madzi sakufika pomwe thermostat imayenera kuwafikitsa, koma musadalire khodiyo yokha, zina sizilemba kanthu.

Mukaganiza zotsegula nokha, poti ndikudziwa sipanala mumaikonda, tsatirani paipi yapansi ya rediyeta mpaka pomwe yalowera mu injini. Pa Sienta thermostat ili pamenepo, m'kachigoba komangidwa ndi manati awiri. Ikani beseni pansi, mukhetse madzi injini itazizira. Madzi ofiira a kulantiwo musawasiye poyera, amatsekemera ndipo ndi poizoni, galu wanu uja kapena mwana akhoza kumwa. Mukachotsa thermostat, iyang'anitseni kudzuwa. Ili yozizira m'dzanja lanu iyenera kukhala yotseka ndithu, kuwala kusadutse m'mbali mwa kachitseko. Ikakhala yotseka koma mukuikayikirabe, imangeni pa kawaya, muilendewetse m'poto wa madzi pa mbaula, isagunde pansi pa poto. Iyenera kukhala chitsekere madzi akamafunda, n'kuyamba kutseguka atatsala pang'ono kuwira. Kuno kumtunda madzi amawira pa madigiri pafupifupi 96, ndiye ya 82 imatseguka thovu lalikulu lisanayambe. Ikatseguka madzi akadali oti mungaviikemo chala, yatha ntchito. Poto wake asakhale wophikira ndiwo, mungandidanitse ndi achemwali anga.

Pogula yatsopano, tengani yakaleyo kapena nambala ya injini, ndipo onani kuti madigiri odindidwawo ndi omwewo. Musalole kuti akupatseni ya nambala yotsika ati chifukwa kuno ndi ku Africa. Gulaninso labala yake yatsopano. Poika, mbali ya sipuling'i imaloza ku injini, ndipo kapini kakang'ono kogwederagwedera kali m'mphepete kaja kakhale kumwamba, ndi potulukira mpweya. Manati aja musawakoke ngati a tayala, amathyoka. Thirani kulanti weniweni wa mtundu womwe unalimo, osati madzi a pampopi okha, amabweretsa dzimbiri. Ikani hita pa kutentha kwambiri, lizani injini chivindikiro cha rediyeta chili chotsegula, muzifinya mapaipi kuti thovu lituluke, muziwonjezera madzi akamatsika. Akasiya kutsika tsekani, dikirani mpaka fani izungulire n'kuima yokha. Mawa lake m'mawa onaninso mlingo.

Chomwe ndikufuna musaiwale ndi ichi. Mukapeza kuti thermostat munalibe, dzifunseni kuti anaichotseranji. Mwina ndi chikhulupiriro chija basi, koma mwinanso galimoto inkawira ndipo ankabisa matenda kuti igulike. Rediyeta yotsekeka ndi matope, chivindikiro chotha mphamvu, pampu ya madzi yodyeka, kapena gasiketi ya hedi yomwe yayamba kupsa, zonsezi zimabisala bwino injini ikamayenda yozizira. Ndiye sabata yoyamba mutaika yatsopano, musayambe ndi ulendo wa ku Karonga wokakwera Chiweta pobwerera. Zungulirani m'tauni muno kaye, Luwinga, Mchengautuwa, diso lili pa dashibodi. Kanyale kofiira kosonyeza kuti injini yatentha kwambiri kakangoyaka imani pomwepo, zimitsani, mundiimbire. Onaninso pansi pa chivindikiro cha oilo. Kaphala koyera pang'ono kamatha kubwera ndi maulendo afupiafupi m'nyengo yozizira ino, koma kakamachuluka madzi n'kumatsika, imeneyo ndi nkhani ya gasiketi. Oiloyo musinthe ndithu, wamwa petulo kwa miyezi.

Yesani za paipi zija mawa, munditumizire uthenga kuti dzanja lamva chiyani pa mphindi yachitatu ndi pa mphindi yakhumi. Loweruka ndili pagalaja mpaka 12 koloko, kakompyuta kaja ndikhala nako. Mupereke moni kunyumbako. Yewo.