Nkhama za agogo a ku Chinatown

Amayi ndi abambo, zikomo chifukwa chobwera ngakhale ena mwa inu mwachokera ku ntchito ya usiku. Popeza ambiri muno timasamalira okalamba m'nyumba zawo, ndipo ena mwa okalambawo ndi Matchaina amene anasamukira kuno ku America, ndafuna kuti lero tikambirane za m'kamwa mwawo, malo amene timawaiwala tikamawasambitsa ndi kuwadyetsa.

Kuyambira mu 2011, ofufuza a kafukufuku wotchedwa PINE anacheza ndi Matchaina oposa 3,000 a zaka 60 kapena kuposerapo okhala mu mzinda wa Chicago, ndipo pafupifupi theka la iwo anadandaula za mano, pamene mmodzi mwa anayi alionse anati m'kamwa mwake mumauma. Anthuwa anafunsidwa m'chilankhulo chawo, kaya Cantonese, Taishanese kapena Mandarin. Kwa inu ndi ine, amene timalankhula nawo Chingerezi chimene iwo amachimva pang'ono, nthawi zambiri sanena kanthu.

Chimene chimawatontholetsa si chilankhulo chokha. Ambiri anakula akukhulupirira kuti kugululuka kwa mano ndi ukalamba basi, ndipo nkhama zikatupa kapena kutuluka magazi amati thupi latentha mkati, zimene iwo amazitcha shanghuo. Mankhwala ake, malinga ndi mwambo wawo, ndi tiyi wa zitsamba woziziritsa thupi ndiponso kusala zakudya zokazinga ndi za tsabola. Ine sinditsutsana ndi tiyiyo, ndipo ndikupemphani kuti musawaseke agogo pa zimenezi, chifukwa nafenso kwathu tikaona magazi pa mswachi timangoti ndi chiseyeye n'kuvumata madzi a mchere. Vuto lake n'lakuti tiyi sachotsa zokanirira zolimba zimene zimamatirira m'mphepete mwa nkhama. M'menemo mumakhala mabakiteriya amene amatupitsa nkhama, kenako pang'onopang'ono amawononga fupa limene limagwira dzino, mpaka dzino losabooka n'komwe limayamba kugwedera. Matendawa sapweteka poyamba, n'chifukwa chake munthu amatha zaka ali nawo, ndipo fupa likatha silibwereranso lokha. Kwa agogo odwala shuga nkhaniyi ndi yaikulu kwambiri, popeza shuga wokwera amakulitsa matenda a nkhama, ndipo nkhama zotupa nazonso zimachititsa kuti shuga avute kutsika. Fodya amabisa zizindikiro, chifukwa nkhama za munthu wosuta sizituluka magazi msanga ngakhale zikuwonongeka.

Palinso nkhani ya ndalama. Medicare ya nthawi zonse, yomwe ndi inshuwalansi ya boma ya zaumoyo ya okalamba kuno ku America, silipira kutsuka mano kwa dokotala, kumata dzino lobooka kapena mano oikirira, ndipo agogo amene anabweretsedwa ndi ana awo safuna kuoneka ngati mtolo pabanja, choncho amapirira mwakachetechete kapena kudikira ulendo wa ku China kuti akathandizidwe kumeneko.

Ndiye inu muzichita izi. Muziona ngati agogo ayamba kusiya nyama ndi ndiwo zamasamba n'kumangofuna phala la mpunga, chifukwa kawirikawiri munthu wotero akulephera kutafuna. Athandizeni kutsuka mano kawiri pa tsiku, mphindi ziwiri, ndi mswachi wofewa komanso mankhwala otsukira mano okhala ndi fluoride, ndipo magazi akatuluka musasiye kutsuka pamalopo. Mano oikirira azivulidwa usiku n'kutsukidwa. Ngati m'kamwa mukuuma, zimene zimachitika kwambiri kwa omwa mapiritsi a BP, apatseni madzi pafupipafupi m'malo mwa maswiti, popeza malovu akachepa mano amabooka msanga. Mukaona dzino logwedera, mafinya kapena chilonda chimene chatha masabata awiri osapola, uzani ana awo tsiku lomwelo, ndipo popangana tsiku ndi dokotala wa mano mupemphe womasulira wa chilankhulo chenicheni cha agogowo, chifukwa wolankhula Mandarin sangathandize munthu amene amangomva Taishanese.