Heat pump yakalamba: tikonzetse kapena tigule ina?

Takulandirani a ku Manchester, a ku Leicester, a ku Glasgow, ndi inu akumudzi amene mumaonera kuti muzitiseka ndi chisanu chathuchi. Lero ndaima kuseri kwa nyumba, pafupi ndi chibokosi ichi. Ngati munagula nyumba kuno ku UK n'kupezamo heat pump, ndipo tsopano yayamba kulira ngati chigayo, musachoke. Tikafika pa mfundo yachiwiri ndipsa mtima pang'ono, mundikhululukiretu.

Mwachangu: makinawa ndi filiji yotembenuza. Filiji imachotsa kutentha mkati n'kutaya kunja. Iyi imakoka kutentha mu mpweya wapanja, ngakhale kukuzizira, n'kulowetsa m'madzi oyenda m'mapaipi a m'nyumba. Yuniti imodzi ya magetsi imabala kutentha kwa mayuniti pafupifupi atatu. Basi, tapita.

Choyamba, zaka. Suzumirani kachikwangwani ka m'mbalimu. Makina osamalidwa bwino amatha zaka 15 mpaka 20. Ambiri anaikidwa nthawi ya thandizo la boma la RHI, pakati pa 2014 ndi 2022, ndiye akadali ndi moyo. Koma mukaona palembedwa R22, mtundu wakale wa gasi wa m'makinawa, iwalani zokonzetsa: kuthira gasi ameneyo kunaletsedwa kuyambira 2015.

Chachiwiri. Eee, apa ndiye pali nkhani. "Bwana, gasi watha, tingowonjezera." Mawu amenewa tinakula nawo. Filiji ikasiya kuziziritsa kumudzi, mmisiri amabwera ndi kabotolo kake, psii, mwalipira. Pakapita miyezi itatu wabweranso. Ndiye tabwera nawo maganizowa mpaka kuno.

Abale anga, gasi wa m'makinawa satha. Ndibwereze? Satha! Si gasi wophikira amene amapsa pa mbaula. Uyu amangozungulira m'mapaipi otsekedwa, kusanduka madzi, kusanduka mpweya, kubwereranso, zaka ndi zaka. Akachepa ndiye kuti penapake paboola. Kuthira wina osatseka bowolo n'kutunga madzi ndi dengu.

Mlamu wanga analipira kawiri nyengo yozizira imodzi. Kachitatu ndinapita ndekha ndi tochi. Polumikizira paipi panali ponyowa, mafuta atagwira fumbi, bii. Mafuta a kompresa, kachipangizo kopopa gasiyo, amayenda limodzi ndi gasi, ndiye pothawira gasi pamasiya chizindikiro chotere. Munthu uja maulendo awiri onse sanawerame n'komwe kuti ayang'ane! Choopsa n'chakuti makina oyenda ndi gasi wochepa amatenthetsa kompresa, vuto laling'ono n'kupha chinthu chodula kwambiri m'bokosimu.

Ndiye wina akati gasi watha, funso lanu ndi limodzi: wathawira pati? Akayamba kukanda m'mutu, mutsegulireni geti. Mufunsenso satifiketi ya F-gas, chifukwa kuno lamulo silola munthu wamba kugwira gasi ngati R410A kapena R32.

Pajatu, ndisanaiwale: mukaona nthunzi ikufuka pabokosili m'mawa wa Januwale, madzi akudontha pansi, musaimbire ozimitsa moto. Likusungunula ayezi amene wagwira kumbuyoku, pakapita mphindi zochepa libwerera pantchito.

Ngati zimenezi zakupulumutsirani mapaundi, dinani subscribe ndi kabelu kaja. Theka la inu mumangoonera osadina, ndimakuonani.

Chachitatu, chafa n'chiyani? Fani, sensa, kapasita, pampu ya madzi, sefa yotsekeka: konzetsani, musaganize kawiri. Koma ikakhala kompresa, makina apitirira zaka khumi, waranti inatha kalekale, pemphani mitengo iwiri, wokonzetsa ndi wogula atsopano. Ineyo wokonzetsa ukayandikira theka la watsopano, sindiponyanso ndalama pa nkhalamba. Yang'ananinso bilu ya magetsi ya zaka zitatu zapitazi kuti muone ngati makinawo ayamba kudya magetsi ambiri, muziwerenga mayuniti osati mapaundi, poti mitengo inakwera yokha.

Chachinayi, chimene chikhumudwitse ambiri. Mapaundi 7,500 a thandizo la boma loikira heat pump lotchedwa Boiler Upgrade Scheme ku England ndi Wales ndi a munthu amene akuchotsa boiler ya gasi, ya mafuta kapena zotenthetsera zamagetsi zakale. Kuchotsa heat pump n'kuikapo inzake, boma silikupatsani kanthu. Zonse zichokera m'thumba mwanu, ndiye ganizani bwino musanazule zoti zikanakonzeka. A ku Scotland, ndondomeko yanu ndi ina, funsani a Home Energy Scotland.

Mukatsimikiza zogula, pezani woika wovomerezeka ndi MCS, bungwe lopereka ziphaso kwa oika makinawa, ndipo ayezenso nyumba yonse chipinda ndi chipinda, asangokopera kukula kwa makina akalewo. Mwina munasintha mawindo kapena kudenga, ndipo aang'ono akukwanirani.

Sabata yamawa tikambirana chifukwa chake ma radiator a heat pump amangokhala ofunda osati otentha, nkhani imene yayambanitsa mabanja ambiri. Ine zala zauma, ndikulowa m'nyumba.