Musanagulitse nyumba ya pamalo aakulu

Zikomo a gulupu pondipatsa mpata. Amayi ndi abambo, khalani pansi, sindichedwa.

Ambiri kuno ku Mangochi muli ndi nyumba imodzi pamalo oti pangakwane nyumba zinayi. Ikafika nthawi yogulitsa, mumawerengera malata, njerwa ndi zitseko. Wogula uja maso ake sali pa malata ayi. Iye akuyenda kuseri, akuponda mapazi mpaka kumango uko, akuwerenga mapuloti. Makamaka ngati malowo ali pafupi ndi msewu wa ku Monkey Bay kapena wa ku Liwonde, pamene madzi a Southern Region Water Board ndi magetsi a ESCOM anafika kale. Ndiye musanatchule mtengo, dziwani kuti mukugulitsa zinthu ziwiri, nyumba ndi dothi.

Koma apa mundimvetse bwino, chifukwa ndi pamene anthu amalira. Kudula mapuloti si kukhoma zikhomo ndi chingwe m'mawa anthu asanadzuke. Lamulo la 2016 loona za mapulani a malo limafuna kuti mupemphe kaye chilolezo kukhonsolo. Saveya wovomerezeka ndi boma ndiye amayeza ndi kuika mabikoni, zizindikiro za malire a puloti. Ndipo puloti iliyonse ikhale ndi njira yake yolowera galimoto. Puloti yakumbuyo yopanda njira, amene waigulayo adzakangana ndi mnzake wakutsogolo mpaka ana awo. Zimandipweteka kuona anthu opemphera limodzi atasiya kupatsana moni chifukwa cha kanjira ka mamita atatu.

Mufunsenso, malowa ndi a mtundu wanji? Ngati ndi a lizi, onani ngati lendi ya boma munalipira yonse, ndipo kusintha dzina kumafuna chilolezo cha a zamalo. Ngati ndi a makolo, sizitheka popanda amfumu ndi komiti ya zamalo. Kuno malo ambiri amayendera kuchikazi. Achimwene, musagulitse mwakachetechete malo a mbumba pamene alongo anu ali kumunda. Khalani pansi ndi amalume, aliyense alankhule, zilembedwe. Ngati mwini anamwalira, ana ndi mayi wamasiye ali ndi gawo lawo mwa lamulo.

Za madzi, nonse munaona mu 2024 mmene nyanja inakwerera n'kulowa m'nyumba za m'mphepete. Ngati kumunsi kwa malo anu kumadikha madzi nthawi ya dzinja, muuzeni wogula. Musamuonetse mu Okutobala mokha pouma.

Amayi uko afunsa kuti chabwino n'chiti, kudula nokha kapena kugulitsa onse pamodzi. Mukadula nokha mumapeza zambiri, koma saveya ndi mapepala zimafuna ndalama ndi miyezi. Ngati ndalama ikufunika msanga, gulitsani pamodzi, koma mtengo uwerengere mapuloti aja. Madobadoba mugwirizane nawo zawo poyamba, polemba. Ndalama ilowe kubanki, ndipo chikalata chisachoke m'manja mwanu isanakwane yonse.

A gulupu, ndaona dzanja kumbuyoko. Bambo, imani mufunse.